Moni wa Pakati pa Mayeso

Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti, Hashimu ankakwera sitima kupita ku paki ya ku Aspire mumzinda wa Doha, n'kukakhala pa benchi yoyang'ana kudziwe. Shakira ankachedwa nthawi zonse. Akafika ankakhala kumapeto kwenikweni kwa benchiyo, chikwama chake chili pakati pawo, kuti Mmalawi aliyense wodutsa asapeze nkhani yokatula kwa amalume ake.

Anadziwana chifukwa cha sukulu. Shakira ankagulitsa mafuta onunkhira mu shopu ina, ndipo tsiku lina anamva kuti pali mnyamata wa ku Namwera, wosayankhulayankhula, amene akuphunzira za akaunti pa foni. Anamupempha kuti amulembetse nayenso. Hashimu anamulembetsa, ndipo panapita miyezi asanalimbe mtima kumuuza china chilichonse chosakhudza maphunziro.

Tsiku ili Shakira sanafunse n'komwe za moyo. Anafunsa za mayeso.

Maphunziro a Hashimu anali aja a pa intaneti, otsegukira aliyense. Umaonera aphunzitsi pa foni, umawerenga wekha, ndipo ukakhoza mayeso amakupatsa makirediti, mapointi amene yunivesite imawalandira ngati kuti unakhaladi m'kalasi. Anali atakhoza maphunziro onse kupatula limodzi. Koma mayeso anali ndi lamulo lake. Umalemba pa laputopu, kamera ikukuyang'ana, uli wekha m'chipinda. Munthu wina akaoneka, kapena iwe ukayankhula, kapena ukadzuka pampando, mayeso athera pomwepo.

Ndipo ku Al Mansoura kumene Hashimu ankagona, kukhala wekha chinali chinthu chongomva kwa ena. M'chipinda mwawo munali mabedi osanjikiza ndi amuna ochokera maiko atatu. Sabata yathayo anawapempha onse kuti atuluke, ndipo anatulukadi. Koma mmodzi anaiwala chaja yake. Analowa chonyang'ama, atavala thaulo lokha, akuganiza kuti akawerama kamera simuona.

Shakira anaseka mpaka anatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango. Kenako anaona kuti Hashimu sakuseka.

"Andipatsa mwayi umodzi wotsiriza," anatero Hashimu, maso ali pa nsapato zake. "Akandiimitsanso, anditsekera mpaka chaka chamawa."

Chaka chamawa chinali kutali, ndipo onse awiri ankadziwa chifukwa chake. Che Cassim, amalume ake a Shakira amene ankamusunga kunyumba kwawo ku Al Khulaifat, ankapita kutchuthi kumudzi mu Disembala. Kumeneko ankayembekezeka kukakhala pansi ndi mlongo wawo, mayi ake a Shakira, kukambirana za mwamuna woti akwatire mtsikanayo. Anali atanena kale kuti sangatchule dzina la mnyamata amene anathera pa Folomu 4. Ndipo dzina lina anali nalo kale m'kamwa, la Sumaili.

Anakhala nthawi akuganiza za malo ena. Ku laibulale kumakhala anthu. Kuntchito kwa Hashimu bwana sakanalola. Kunyumba kwa Che Cassim sanakutchule n'komwe. Dzuwa litapendeka Shakira ananyamula chikwama chake, n'kunena kuti Mulungu apereka njira, koma anazinena akuyang'ana kumbali.

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo Amalawi anali atasonkhana pa kalesitanti kena ku Al Mansoura, kamene mwini wake anazolowera kuwalumikizira matebulo. Hashimu akanakonda kudutsa osaoneka, koma njira ya kwawo inali yomweyo.

"Apulofesa a pa foni afika," anatero Sumaili. "Apatseni mpando, ndipo muchepetse phokoso. Mwina ali m'kalasi panopa, ife sitikudziwa."

Sumaili anali wamtali, wa mawu okoma. Akuluakulu ankamukonda chifukwa ankadziwa kuwafunsa za maondo awo ndi za ana awo akumudzi. Ankaphunzira pa koleji ina ya zaka ziwiri, makalasi a madzulo, kampani yake ikumulipirira. Chitupa cha kolejiyo sankachivula m'khosi ngakhale Lachisanu, chingwe chake chabuluu chikulendewera pamwamba pa mkanjo woyera.

Anayamba kuwauza anthu ubwino wa sukulu yake. Kuti ili ndi geti ndi mlonda. Kuti aphunzitsi amakudziwa dzina, ndipo ukajomba amafunsa. Kuti ukadwala anzako amakusungira manotsi. Atatha anatembenukira kwa Hashimu.

"Nanga yanuyo, aise, batire ikatha ndiye kuti mwatsekera holide? Tsiku la giraduweshoni mudzatiitana kuti tidzaombe m'manja pa bedi lanu lapamwamba lija?"

Anthu anaseka, ena mokakamiza. Hashimu anamwetulira nawo, monga ankachitira kuyambira ali ku pulayimale. Mayankho anali nawo. Akanatha kunena kuti nthawi yake ya ntchito imasintha sabata iliyonse, moti kalasi ya madzulo sakanaikwanitsa ngakhale wina atamulipirira. Akanatha kunena kuti mphunzitsi wa pa foni umamubweza m'mbuyo mmene ukufunira osakwiya, ndiponso kuti makirediti ake ndi a Sumaili akafika ku yunivesite amayezedwa pa sikelo imodzi. Koma mayankho a Hashimu ankapsa mochedwa, ali yekha panjira.

Atanyamuka, Sumaili anamutsatira panja. Mawu ake anali atasintha, atatsika, ngati a munthu wina.

"Za thaulo zija ndamva. Usadabwe, Doha ndi mudzi. Tamvera, mnzanga amene ndimagona naye ali kwawo kutchuthi. Chipinda chikungokhala ku Al Aziziya. Bwera udzalembere kwathu."

Hashimu anamuyang'ana modabwa. Sumaili anapitiriza.

"Sindikubisa, tikufuna mtsikana mmodzi. Koma ndife a kumodzi, amayi ako ndi amayi anga amagula pa msika umodzi. Sindikufuna anthu adzati ndinapambana chifukwa cha thaulo la munthu wina. Khalas, yatha imeneyo. Undiuze tsiku ndi nthawi."

Mumtima mwa Hashimu munali kanthu kakang'ono kamene kankakana. Koma iye anali asanaphunzire kukana munthu amene akumuyang'ana m'maso, makamaka munthu womuchitira zabwino. Anathokoza, anathokozanso, n'kumuuza kuti ndi Loweruka la sabata yamawa, masana.

* * *

Shakira atamva nkhaniyi pa foni, anayamba walemba liwu limodzi lokha: "Sumaili?" Kenako kachizindikiro kosonyeza kuti akulemba kanayamba kuoneka n'kuzimiririka.

Hashimu anamukumbutsa kuti kwina konse kwakanika. Shakira anayankha kuti mwina anthu amasintha. Mwinanso Sumaili akungofuna kuti amalume amve kuti ndi wamtima wabwino, ndipo ngati zili choncho amusiye adzionetse, bola chipinda chipezeke. Anafunsa kuti adzamaliza nthawi yanji. Hashimu anati chakumadzulo, anthu atatuluka ku mapemphero a Asr, ndipo kuti foni yake idzakhala yozimitsa kuyambira m'mawa kuti mutu ukhale malo amodzi.

"Ukakhoza pali chimene ndakukonzera," analemba Shakira.

"Ndiuze pano."

"Ayi. Khoza kaye."

Hashimu anawerenga mauthenga amenewo kambirimbiri ali pa bedi lake lapamwamba, wina akukazinga anyezi pakona, wina akukangana ndi mkazi wake pa foni m'chinenero chimene Hashimu sankachimva. Kenako anavala mahedifoni, n'kubwereranso kwa mphunzitsi wake.

* * *

Chipinda cha Sumaili chinali ndi mabedi awiri okha, kapeti, ndi zenera lenileni loonera kunja. Hashimu anaima pakhomo kanthawi akumvetsera bata. Anali ataiwala kuti bata limamveka bwanji.

Sumaili anamuthandiza kuchotsa mabuku a ku koleji pa shelefu, poti lamulo silinkalola buku lililonse kuoneka. Hashimu anakoka tebulo n'kuliika moti msana wake ukhale kukhoma, chitseko chikhale kutsogolo kwake, kuseri kwa laputopu. Thaulo lija linali litamuphunzitsa. Wina akalowa molakwitsa, kamera isamuone. Atafunsa za kiyi, Sumaili anadzimenya pachipumi. Kiyi wa chipindacho anapita naye mnzake uja, iye anatsala ndi wa chitseko chachikulu basi. Koma anati asadandaule, kuno kulibe amene amabwera. Anamugwira paphewa, anamufunira zabwino zonse, n'kutuluka.

Woyang'anira mayeso anali mayi wina wa kudziko lakutali. Hashimu sankamuona, mayiyo ankangolemba mawu m'kabokosi ka pakona pa galasi. Anamuuza kuti azungulitse kamera aone makoma onse, pansi pa tebulo ndi kuseri kwa chitseko. Atakhutira, mafunso anatseguka.

Anali mafunso ake. Ankawadziwa ngati njira ya kuchigayo kwawo. Atadutsa theka mapewa anamasuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzilola kuganiza za tsiku limene adzaime pakhomo pa Che Cassim zotsatira zili m'manja.

Ndiye anamva chitseko chachikulu chikutseguka. Kuseka kwa Sumaili. Nsapato za anthu angapo. Kenako chifuwa chimene ankachidziwa, kutsokomola kwakufupi kumene Che Cassim ankayamba nako akafuna kuyankhula pa msonkhano wa Amalawi.

"Odi kuno."

Zala za Hashimu zinauma pa mabatani.

Chitseko cha chipinda chinatseguka. Che Cassim analowa atavala mkanjo wawo wa Lachisanu, ngakhale linali Loweruka, ndi kofiya yopeta. M'dzanja lamanzere ananyamula kabokosi ka zipatso za tende. Kumbuyo kwawo kunaoneka mpango wobiriwira wa Shakira. Nkhope ya mkuluyo inali yomasuka mmene Hashimu anali asanaionerepo. Anabwera kudzamuyamikira.

"Assalamu alaikum, mwana wanga."

Anatambasula dzanja lamanja m'mbali mwa laputopu.

M'kabokosi ka pakona munatuluka mawu. Mayi uja anati akumva munthu akuyankhula. Anati Hashimu asayankhe, asadzuke, asachotse maso pa mafunso, apo ayi atseka mayeso nthawi yomweyo.

Kwawo ku Namwera Hashimu anakula akudziwa kuti salamu sagoneka pansi. Ngakhale ya munthu amene munayambana naye dzulo umaibweza. Ndipo mkulu akalowa umadzuka, dzanja lake umalilandira ndi manja awiri, mutu utawerama. Thupi lake lonse linkadziwa zimenezi, moti miyendo inali itayamba kale kudzuka yokha. Anaikanikiza pansi. Anagwedeza mutu pang'ono, pang'ono kwambiri, akupempha mumtima kuti mkuluyo amvetse. Koma kunja kunaoneka ngati kugwedeza kuja kumene bwana amachitira wantchito wobweretsa tiyi.

Dzanja linali likadali m'malere. Hashimu ankaliona ndi m'mbali mwa diso. Mphete yasiliva, mitsempha, zala zikuyamba kupinda.

Shakira ndiye anayamba kuzindikira. Ananong'oneza amalume ake kuti atuluke, kuti sanamalize, kuti abwera msanga. Che Cassim sanatembenuke. Anati iwo apereka moni, ndipo adikira.

M'nyumbamo munali munthu mmodzi amene akanatha kufotokoza zonse ndi mawu ochepa. Anali atatsamira pa felemu ya chitseko, manja ali m'matumba.

"Mwina sanakumveni, bambo," anatero Sumaili mofatsa. "Sukulu yawoyi imafuna mtima wonse. Tayesaninso."

Che Cassim anabwereza salamu, mokweza, liwu lililonse palokha. Mayi wa m'kabokosi analemba chenjezo lomaliza. Hashimu anayang'ana funso limene linali patsogolo pake. Yankho ankalidziwa, koma manambala ankasambira m'misozi. Anadziuza kuti akangopirira mpaka amalize, adzagwada, adzafotokoza, adzawaonetsa zotsatira. Anapirira.

Mkuluyo anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, n'kulipukuta pa mkanjo ngati lagwira chonyansa. Kabokosi ka tende anakaika pa bedi la Sumaili.

"Ngakhale galu wa pakhomo amagwedeza mchira," anatero. "Tiye, Shakira."

Apa mpamene Hashimu anagonja. Akanagonja poyamba pomwe, akanataya mayeso okha. Akanapirira mpaka mapeto, akanatsala ndi zotsatira zokapepesera. Koma ataona msana wa Che Cassim ukutuluka pakhomo, ndi Shakira ataphimba nkhope ndi manja, anadzuka mpando n'kugwa kumbuyo kwake.

"Wa alaikum salaam, bambo. Pepani bambo, ndimalemba..."

Anawathamangira, manja onse awiri ali patsogolo. Kumbuyo kwake laputopu inalira kamodzi, galasi n'kusanduka lotuwa.

Che Cassim anayang'ana manja a mnyamatayo. Awo anawasunga kumbuyo.

"Ukuyankha ndani? Amene anakupatsa moni uja wapita kale."

Anatsika masitepe, Shakira ali patsogolo pawo. Mtsikanayo sanacheuke, kapena sanaloledwe kucheuka, Hashimu sanadziwe.

Sumaili anadzutsa mpando uja n'kuubwezera bwinobwino pa tebulo. Anatsegula kabokosi ka tende, n'kuponya imodzi m'kamwa.

"Pepa, aise. Ine ndinangowasonyeza njira. Amene anawakakamiza kubwera ndi Shakira wako yemweyo, kamufunse." Analavulira njere m'dzanja. "Tengako ziwiri, ndi zako izi."

* * *

Hashimu analembera akuluakulu a mayeso kuwapempha kuti amuganizire. Anafotokoza za mkulu, za salamu, za mmene anthu amachitira kwawo. Yankho linabwera msanga, laulemu kwambiri. Anati akumvetsa, anati chikhalidwe chilichonse amachilemekeza, koma kanema akuonetsa wophunzira akudzuka ndi kuyankhula. Adzayesenso chaka chamawa.

Nkhani inayenda pakati pa Amalawi mofulumira kuposa yankholo. Pofika Lachisanu inali itakula. Ena ankati Hashimu anauza Che Cassim kuti atuluke. Ena ankati anawaloza ndi chala. Mayi wina wa unamwino, amene kale ankamupatsa moni ngati mwana wake, anamudutsa pa siteshoni akuyang'ana foni. Ku kalesitanti kuja anthu akamuona akubwera ankatambasula manja m'malere n'kuwasiya choncho, akuseka.

Kwa Shakira kunali zii. Mauthenga a Hashimu ankafika, ankawerengedwa, koma yankho silinkabwera. Mawu a Sumaili aja ankamubwerera akamadya, akamayenda. Sankawakhulupirira. Koma mpango wobiriwira uja anauona ndi maso ake.

* * *

Uthenga unabwera Lamlungu masana. Shakira anati akumane kuseri kwa nyumba za ku Al Khulaifat, pa mthunzi wa kagolosale, dzuwa lisanalowe. Anati asachedwe chifukwa nthawi ndi yochepa.

Ulendo uno Shakira ndiye anayamba kufika. Anali atavala bwino, ndi chikwama chatsopano chachikulu, ndipo maso ake anali otupa.

Anafotokoza mofulumira, akuyang'ana kumsewu. Zinali zoona, ndi iye amene anawakakamiza amalume. Anawachonderera sabata yonse kuti apite akaone okha Hashimu atakhoza, akaone kuti sukuluyo ndi yeniyeni, ili ndi malamulo ndi oyang'anira. Chimene anamukonzera chinali chimenecho. Anagwirizana kuti afike madzulo, mayeso atatha. Koma m'mawa wa Loweruka Sumaili anamulembera kuti a mayeso asintha nthawi, Hashimu amaliza masana, abwere msanga asanachoke. Anayesa kumuimbira, foni inali yozimitsa.

"Amalume unawauza zimenezi?"

"Ndinawaonetsa uthengawo. Sumaili akuti anamva molakwika, wapepesa mpaka kugwada. Amalume akuti za nthawi alibe nazo ntchito. Akuti zimene anaona anaona. Akuti sukulu imene imaphunzitsa mwana kuyang'ana galasi mkulu ataimirira si sukulu."

Hashimu anamva ngati chimwala chachoka pachifuwa, ngakhale zinthu zonse zinali zitawonongeka. Shakira sanamupereke. Anayamba kuyankhula kwambiri, mmene anali asanayankhulirepo. Anati ndiye kuti akudziwa tsopano kuti Sumaili ndi njoka. Anati apita yekha kwa Che Cassim, akakhala pakhomo mpaka amutsegulire. Anati chaka si kanthu, adikirana, ndipo pa nthawiyo Shakira apitirize maphunziro ake a pa foni, adzalembe mayeso limodzi, adzawaonetse onse.

Shakira anamusiya amalize.

"Amalume andipezera malo ku koleji," anatero. "Ndikuyamba lero."

"Koleji iti?"

Hashimu anadziwa yekha kuti inali koleji ya Sumaili. Anayang'ananso chikwama chatsopano chija. M'mbali mwake munkaoneka msana wa kope losalembamo.

Che Cassim anali atakonza zonse m'masiku ochepa. Anati mwana wa mlongo wawo sadzaphunziranso pa foni m'nyumba mwawo. Anakayankhula ndi abwana a kushopu kuti Shakira aziweruka msanga. Ndipo poti makalasi ndi a madzulo, poti mtsikana sangamayende yekha, Sumaili anadzipereka kuti azimutenga pa galimoto yake ndi kumubweza mpaka pakhomo.

"Kana," anatero Hashimu. "Uwauze kuti uli kale pa sukulu."

"Sindili pa sukulu, Hashimu. Maphunziro aja sindinawatsegule chithereni Ramadani."

Hashimu anaganiza kuti sanamve bwino. Lachisanu lililonse ankamufunsa kuti wafika pati, ndipo Shakira ankati zikuyenda.

"Ndinkachita manyazi. Iwe umatha kukhala ndi munthu wa pa galasi mpaka mutu ugwire. Ine ndikaweruka ndatopa, ndikatsegula foni ndimagona. Ndikapanda kumva palibe womufunsa. Ndikasiya palibe amene amadziwa kuti ndasiya. Ngakhale iwe sunadziwe." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndikufuna kukhala m'kalasi. Ndikufuna kukweza dzanja, munthu andiyankhe. Sumaili sindikumufuna, Mulungu akundiona. Koma mpando wa m'kalasimo ndikuufuna."

"Mpandowo ukubwera ndi galimoto yake."

"Ndikudziwa."

"Tsiku lililonse. Kupita ndi kubwerera."

"Ndati ndikudziwa."

Hashimu anafunsa za Disembala. Shakira anati amalume sanadikirenso Disembala, anaimbira kale amayi ake kumudzi. Dzina la Hashimu analitchula, koma osati mmene iwo awiri ankafunira. Amayi ake analira pa foni, akufunsa ngati n'zoona kuti mwana wawo amayenda ndi mnyamata wosabweza salamu.

Hashimu anafuna kunena china chake chachikulu, chimene chikanamugwira mtsikanayo pamalo pomwepo. Koma nthawi inamuthera.

Galimoto yoyera inakhota pakona n'kuima patsogolo pa golosale. Sumaili anatsitsa galasi. Sanaoneke wodabwa kumupeza Hashimu pamenepo.

"Apulofesa, muli bwanji? Yalla, tiye Shakira, tsiku loyamba sachedwa."

Shakira anamuyang'ana Hashimu kamodzi, n'kuyenda kupita ku galimoto. Hashimu sankayang'ana nkhope ya aliyense. Ankayang'ana dzanja la Shakira, kuti aone chitseko chimene litsegule.

Linatsegula chakumbuyo. Hashimu anapuma.

Koma mpando wakumbuyo unali wodzaza. Makatoni a mabuku, mabotolo akuluakulu a madzi, sutikesi, zonse zosanjidwa mosamala mpaka kudenga, zosasiya malo ngakhale a mwana. Shakira anaima akuziyang'ana, chitseko chili m'manja.

"Pepa, ndikusamutsa katundu wa mnzanga," anatero Sumaili. Anawerama, n'kutsegula chitseko chakutsogolo kuchokera m'kati. Mphepo yozizira inatuluka mpaka kufika pamene Hashimu anaima.

Shakira anakhalabe panja kanthawi, dzuwa likumuwotcha kumsana. Kenako anatseka chitseko chakumbuyo, anasonkhanitsa m'munsi mwa diresi lake, n'kukhala kutsogolo.